Anamuika chipangizo m'khutu, koma kusukulu akuti "amamva akafuna"

Mayi wina wa ku Chinamwali kuno ku Zomba walemba kuti: "Mwana wanga wamkazi anasiya kumva ali ndi zaka 7 atadwala matenda oumitsa khosi. Kenako anamuchita opaleshoni n'kumuika cochlear implant mbali imodzi. Pano ali Fomu 2 pasukulu yoyendera. Pakhomo timacheza bwinobwino, koma magiredi atsika ndipo aphunzitsi ena akuti amamva akafuna. Bambo ake akuti asiye zolankhula ndi manja poti akumva tsopano. Titani? Nanga adzagwira ntchito yanji?"

Mayi, mawu a aphunzitsiwo andikhudza kwambiri, choncho ndiyambire pomwepo. Mwana wanu sakuchita dala.

Chipangizo chimene amavala sichimubwezera khutu lake lakale. Kachidutswa ka kuseri kwa khutuko kamatola mawu n'kuwasandutsa timauthenga tamagetsi. Timauthengato timadutsa pa kozungulira kaja kamamatira kumutu ndi maginito, n'kutsikira m'kawaya kamene madokotala anapisa m'kachiwalo ka m'kati mwa khutu kopindana ngati chigoba cha nkhono. Khutu labwinobwino lili ndi timaselo pafupifupi 15,000 togwira ntchito imeneyi, pamene kawayako kali ndi timfundo 12 mpaka 22 basi, malinga ndi mtundu wake. Mawu amafika ndithu, koma operewera, ndipo ubongo umachita kulumikiza zotsalazo.

Pakhomo mumakhala naye pamkeka, maso ndi maso, wolankhula ndi mmodzi. M'kalasi ndi nkhani ina: madesiki akukwekwesedwa, anzake akunong'onezana kumbuyo, mphunzitsi akufotokoza nkhope ili kubolodi. Ndiye ibwere mvula yathu ya mu Januwale yotsika kuphiri ija n'kuyamba kusasantha malata, ngakhale ife akumva timachita kutchera khutu. Iye pamenepo zonse zimasanduka chiphokoso chimodzi. Poti chipangizo chili mbali imodzi, sadziwanso msanga kumene mawu akuchokera. Akamatembenuka kufuna amene wafunsa funso, yankho ladutsa kale. Pofika masana amakhala atatheratu ndi ntchito yomvetsera yokhayo.

Mupite kwa ahedi pamodzi ndi bambo ake, mwaulemu, osati kokayambana. Mukapemphe kuti azikhala kutsogolo, kutali ndi khomo ndi mawindo, khutu la chipangizo lili kumene kumaima mphunzitsi. Aphunzitsi azitembenuka kaye asanalankhule, azibwereza funso la mwana wina asanaliyankhe, ndipo mawu atsopano ndi ntchito ya kunyumba azilemba pabolodi. Zonsezi sizilira ndalama. Mukafunsenso ngati sukulu inamulembetsa ku MANEB ngati wophunzira wofunika thandizo lapadera, chifukwa JCE ndi chaka chomwechino ndipo zimenezi zimanenedwa polembetsa mayeso, osati m'mawa wa tsiku lolemba.

Musaiwalenso chipangizo chenichenicho. Nthawi zina magiredi amatsika chifukwa kachingwe kathetheka kapena kotolera mawu katsekeka ndi fumbi, mwana osazindikira poti kumva kumachepa pang'onopang'ono. Mupite naye ku kiliniki ya makutu ku Queens ku Blantyre akachiyeze ndi kuchichuna pakompyuta. Ndi ulendo wa minibasi wopita n'kubwera tsiku lomwelo. Chinyezi cha dzinja la kuno chimawononga zipangizozi, ndiye usiku chizigona mouma, ndipo batire lapadera lisamasowe m'chikwama chake.

Tsopano za bambo. Ndikuwamvetsa. Anavutika, anayenda m'zipatala, ndipo akufuna kuona mwana wawo ali ngati anzake. Koma ndiwapemphe aganizire izi: usiku akavula chipangizo kuti agone, akamasamba, magetsi akazima batire lisanadzaze, kapena kachidutswa kakawonongeka n'kumadikira kena kochokera kunja kwa milungu ingapo, mwanayo samva chilichonse. Pa nthawi imeneyo adzalankhula naye bwanji mukamulanda manja? Chinenero cha manja sichimulepheretsa kulankhula ndi pakamwa. Ndi chinenero chathunthu, chili ndi malamulo ake, ndipo dikishonale yake ya kuno ku Malawi inatuluka mu 2021. Ine ndikanakonda bambowo aphunzireko ngakhale moni ndi mawu a pakhomo, ndipo bungwe la anthu osamva la MANAD likhoza kukulozerani kophunzirira.

Palinso china chimene ana otere sanena kawirikawiri. Pakati pa akumva amaoneka wosamva, pakati pa osamva amaoneka wakumva, ndiye amasowa pogwira. Muloleni akhale ndi anzake a mbali zonse ziwiri. Wina akamutchula kuti gonthi, mudzudzuleni pomwepo mwanayo akuona.

Ndipatuke pang'ono chifukwa cha makolo ena amene akuwerenga. Maopaleshoni oyamba oterewa m'dziko muno anachitikira ku Queens mu 2014, kumene kuli Dr Wakisa Mulwafu, katswiri wa makutu, mphuno ndi mmero. Si mwana aliyense wosamva amene chipangizochi chingamuthandize, ndipo n'chodula kwambiri. Amene anasiya kumva atadziwa kale kulankhula, ngati mwana wa mayiwa, amapindula msanga. Wobadwa wosamva amafunika kumuika akadali wamng'ono zedi, pakuti m'mera mpoyamba. Mwana akachira matenda oumitsa khosi mukamuyezetse makutu mwachangu, chifukwa kachiwalo kaja nthawi zina kamauma n'kusanduka fupa, kawaya osalowanso. Ndipo amene sanapeze mwayiwu sanathere pomwepo: ku Maryview ku Chiradzulu, ku Mountain View ku Thyolo ndi ku Mua ku Dedza ana osamva akuphunzira.

Za ntchito, mayi, musalole kuti anthu amusankhire utelala chifukwa cha khutu lokha. Utelala ndi ntchito yabwino, ndipo akaufuna yekha njira ya TEVETA ilipo. Koma funso loyamba likhale lakuti amakhoza chiyani. Ngati ndi masamu, akhoza kudzawerengera ndalama kapena kuchita za makompyuta. Ngati ndi sayansi, kuli ntchito za mu labotale, ngakhalenso zoyeza makutu a ena, zimene iye akuzidziwa kuposa tonsefe. Ku Montfort ku Nguludi amaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, ndipo UNIMA, imene ili pakhomo panu pomwepa, ili ndi malo othandizira ophunzira aulumali. Zimene zingamutopetse ndi ntchito zokhalira pafoni tsiku lonse kapena za m'malo a phokoso. Asankhe maphunziro a Fomu 3 poyang'ana mphatso yake.

Musanapite kwa ahedi, khalani naye pansi madzulo ano, wailesi itazimitsidwa, mumufunse kuti ndi phunziro liti limene amasochera kwambiri komanso ndi mphunzitsi uti amene amamumva bwino, ndipo chifukwa chiyani. Zimene ayankhezo mukazinene kusukulu iye ali pomwepo.