Tisingano toyera ta m'phanga tija ndi aragonite

Achimwene, mwafunsa kuti timiyala toyera tosongoka ngati singano pachithunzi chanu cha m'phanga n'chiyani, komanso bwanji sitikufanana ndi miyala yolendewera kudenga ija. Timeneto ndi aragonite. Dzinali linachokera ku Molina de Aragón ku Spain, ndipo analipereka ndi Abraham Werner, katswiri wa miyala wa ku Germany, mu 1797.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti aragonite ndi calcite, mwala umene umapanga zolendewera zambiri, n'zopangidwa ndi chinthu chimodzi, calcium carbonate, chimene chimapanganso mwala wa laimu. Kusiyana kwake ndi kasanjidwe ka tizidutswa take basi, ngati njerwa zomwezo zoyalidwa mwanjira ziwiri.

Madzi a mvula akamalowa m'dothi amatenga mpweya wa carbon dioxide wochokera ku mizu ndi zinthu zowola, n'kukhala ndi kaasidi pang'ono. Kaasidi kameneka ndi kamene kamasungunula mwala wa laimu. Madziwo akatulukira m'phanga mpweya uja umathawa, ndipo zimene ananyamula amazisiya pakhoma. Kawirikawiri chotsalacho chimakhala calcite.

Pagona nkhani ndi pa magnesium, chinthu china chopezeka m'miyala chimene madzi amasungunulanso. Madzi akadutsa m'mwala wa dolomite, wofananako ndi wa laimu, amanyamula magnesium wambiri. Iyeyu amakakamira pa timakristalo ta calcite tongoyamba kumene n'kutilepheretsa kukula, pomwe mwa aragonite salowamo kwenikweni. Calcite akatsekerezedwa chonchi, aragonite amapeza danga. Chinanso, madzi akamayenderera akusiya calcite m'njira, calcium amachepa koma magnesium amatsala, ndiye pamapeto magnesium ndi amene amachuluka. Kamphepo kakamawomba pamenepo madzi n'kumauma, zimafika pomwe aragonite amakonda.

N'chifukwa chake mukayang'anitsitsa muona kuti tisinganoti sitikonda pamene madzi akudontha kwambiri. Timamera pakhoma pongonyowa pang'ono, nthawi zambiri pamwamba pa timibulu ta calcite, tili mpanimpani ngati minga ya kanungu. Popeza si dontho logwa pansi limene likutikoka, timaloza kulikonse, m'mbali ngakhale m'mwamba.

Mukafuna kuona zokongola zenizeni, fufuzani zithunzi za phanga la Ochtinská ku Slovakia. Linapezeka mu 1954, ndipo mu 1995 linalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse, pamodzi ndi mapanga ena a m'derali. Kuphanga la Wind Cave ku South Dakota, ku America, kulinso tisingano totere tambiri.

Aragonite sakhazikika ngati calcite. Pakapita zaka zankhaninkhani, makamaka madzi akamamunyowetsa, amasanduka calcite, mwina mawonekedwe akunja n'kukhala omwewo. Koma chimene chimandiwawa ndi dzanja la munthu. Tisinganoti timathyoka ndi kukhudza kamodzi kokha, ndipo thukuta ndi mafuta a m'zala zimadetsa pamene pakhudzidwapo. Chonde mukabwererako, tochi m'manja, jambulani muli chapatali, ndipo samalani chipewa chanu podutsa pamene denga latsika.