SSD kapena RAM: ndiyambe kugula chiti kuti gemu isiye kudukiza?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Ali ndi laputopu ya kaunjika yokhala ndi hard drive wamba ya 1TB ndi RAM ya 8GB, yopanda graphics card (chida chojambula zithunzi za pa sikirini) yapadera. Akuti gemu ya GTA V imachedwa kutseguka, ndipo akathamangitsa galimoto mumzinda chithunzi chimaimaima, mwina msewu osaoneka n'komwe. Ndalama zilipo zogulira chinthu chimodzi basi. Ayambe ndi SSD kapena RAM?

Achimwene, yambani ndi SSD, chosungira mafayilo chachangu cholowa m'malo mwa hard drive. Koma mudziwiretu chimene mukugula, kuti musadzandidandaule.

Hard drive ili ngati nkhokwe, RAM ngati lichero lomwe muli nalo m'manja. Gemu singanyamule mzinda wonse wa Los Santos, wa mu GTA V, nthawi imodzi, ndiye imatapa pang'onopang'ono malinga ndi komwe mukulowera. Mukathamanga kwambiri, imafuna nyumba, misewu ndi magalimoto atsopano mwamsanga, koma hard drive ya m'laputopu, yomwe kawirikawiri imazungulira ka 5,400 pa mphindi, imapereka pafupifupi 100MB pa sekondi, ndipo imachedwanso kuposa pamenepa ikamasaka timafayilo tomwazikana. SSD ya mtundu wa SATA imafika cha m'ma 550MB pa sekondi ndipo mulibe chozungulira. Kuimaima kuja ndi gemu ikudikirira. N'chifukwa chake gemu ya Starfield, yomwe inatuluka mu 2023, inanenetsa kuti imafuna SSD.

Chimene SSD singachite ndi kukweza FPS, kutanthauza kuchuluka kwa zithunzi zomwe gemu imaonetsa pa sekondi. Ngati mukuona 25 pano, mudzaonabe pafupifupi 25 yomweyo, kungoti yosadukiza. Ndipo musatengeke ndi SSD ya mtundu wa NVMe ya 7,000MB pa sekondi. Laputopu yakale mwina ilibe poiika, komanso m'magemu ambiri kusiyana kwake ndi SATA n'kochepa.

Nkhani ya RAM ndi yomwe ambiri saimvetsa. Pa 8GB yanuyo Windows imadyapo, Chrome imadyapo, ndipo poti mulibe graphics card, mbali ya purosesa yojambula zithunzi imabwerekanso pomwepo. RAM ikadzaza, Windows imayamba kusunga zotsalazo pa hard drive, mu page file, ndiye hard drive yochedwa ija imasenza ntchito ziwiri. Musanawononge kwacha iliyonse, tsegulani gemu, dinani Ctrl+Shift+Esc, pitani pa Performance. Disk ikakhala pa 100% nthawi imene chithunzi chikuima, vuto mwalipeza. Mukaona Memory yadutsa 90%, tsekani Chrome kaye muyesenso.

Mukadzapeza ndalama zina, yang'anani pa Memory pomwepo ngati 8GB yanuyo ili pa kamtengo kamodzi ka RAM ndipo malo achiwiri alipo. Ngati ndi choncho, gulani inanso ya 8GB ya mtundu womwewo, DDR3 kapena DDR4, poti sizilowana. Ziwirizo zikamagwira limodzi, zomwe amati dual channel, njira ya data imakula kawiri, ndipo pa laputopu yopanda graphics card apa m'pamene FPS imakweradi.

Mukamaika SSD, Windows ndi gemu zonse zikhale momwemo. Hard drive yakaleyo muigulire kabokosi ka USB muzisungiramo mafilimu ndi zithunzi.