Monita yanu sinapse, achimwene

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Chibavi. Ali ndi kashopu komwe anyamata amakasewera mpira wa pakompyuta akaweruka kusukulu. Wagula desikitopu yogwiritsidwa kale ntchito, magemu ali momwemo: PES 2017, GTA San Andreas ndi GTA V. Monita yake ndi Dell ya mainchesi 19, zija zosatambalala m'mbali, ndipo poti khadi la zithunzi lili ndi HDMI pomwe monita ili ndi VGA, pakati wayikapo adaputa. Windows imatseguka bwinobwino. Koma akangodina gemu, sikirini imada bii, kenako pamabwera kabokosi kolembedwa kuti "The current input timing is not supported by the monitor display". Nyimbo za gemu zimamveka m'masipika, chithunzi palibe. Ndiye akufunsa: monitayi yapsa? Agule ina?

Achimwene, ndalamazo bwezerani m'thumba kaye.

Kabokosi kameneko sakukalemba ndi Windows, sakukalembanso ndi gemu. Ikukalemba ndi monita yomwe mukuyiganizira kuti yafayo. Ili moyo, ikuona zomwe kompyuta ikutumiza, ndipo ikukuuzani kuti katundu ameneyu singamusenze. Kampani iliyonse ili ndi kanenedwe kake: za HP zimati "Input Signal Out of Range", za Acer "Input Not Supported", za Samsung "Not Optimum Mode", zina zimangoti "Out of Range". Dandaulo ndi limodzi.

Katunduyo ndi wa mitundu iwiri. Woyamba ndi resolution, kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi. Monita za Dell za mainchesi 19 za maonekedwe mwafotokozawa nthawi zambiri zimalekeza pa 1280x1024. Wachiwiri ndi refresh rate, kuti chithunzi chijambulidwenso kangati pa sekondi imodzi. Zanuzi zimakhala mwamtendere pa 60Hz, zikalimbikira 75Hz. Tsono ndikuganiza kuti amene anakugulitsani makinawo ankasewera pa TV kapena pa monita yayikulu ya 1920x1080. Gemu iliyonse imasunga makonzedwe ake m'kafayilo kakekake, osalabadira zomwe Windows yasankha. Mwabweretsa monita yaing'ono, Windows yazindikira nkudzichepetsa, koma gemu ikadali ndi maganizo a kwa mwini wake wakale. Zili ngati kumukweza wakabaza matumba asanu a chimanga nkumuuza kuti akwere nawo chitunda. Sakana chifukwa njinga yathyoka ayi.

Choyamba kuyesa n'chophweka: gemu ikangoyamba sikirini nkuda, dinani Alt ndi Enter pamodzi. Magemu ambiri amachoka podzaza sikirini yonse nkulowa m'kawindo, ndipo akakhala m'kawindo amatsata resolution ya Windows. Chithunzi chikabwera, pitani pa makonzedwe a gemuyo, ikani 1280x1024 ndi 60Hz, sungani. Si gemu iliyonse imamva Alt ndi Enter, ndiye zikakanika musakakamire, tulukani ndi Alt ndi F4.

Magemu anu atatuwa ndi osavuta. PES 2017 ili ndi kapulogalamu kake kapadera kotchedwa Settings.exe m'foda momwe muli gemuyo. Katseguleni gemu isanayambe, sankhani resolution yoyenera, ndipo poyamba muyike kuti itsegukire m'kawindo kuti muone ngati zatheka. Ya San Andreas, pitani mu Documents, m'foda ya GTA San Andreas User Files, fufutani fayilo ya gta_sa.set. Musachite mantha, imeneyo si yosunga pomwe anyamata anafika. Gemu ipanga ina yatsopano yokha, kungoti mabatani ngati munawasintha mudzawakonzanso. GTA V nayo ili mu Documents, m'foda ya Rockstar Games, kenako GTA V, fayilo ya settings.xml. Itseguleni ndi Notepad, funani mizere ya ScreenWidth, ScreenHeight ndi RefreshRate, mulembemo 1280, 1024 ndi 60. Pa mzere wa Windowed mukayika 1, ibwera m'kawindo. Musanasinthe, koperani fayiloyo pambali.

Ndipo ngati zolembalembazi zikukutopetsani, pali njira ya ulesi yomwe ine ndimayikonda: bwerekani TV ya aneba yokhala ndi HDMI, lumikizani, tsegulani gemu iliyonse, tsitsani resolution, kenako bwererani pa monita yanu. Mphindi khumi zakwana.

Koma pali china chomwe chikundidetsa nkhawa pa nkhani yanu, ndipo ndi adaputa ija pamodzi ndi chingwe cha VGA.

Monita iliyonse ili ndi kachiphaso kake mkati, akuti EDID. Mukangoyilumikiza, imadzitchula kwa kompyuta: dzina langa ndi lakuti, ndimatha izi, izi sinditha. Gemu yabwino ikaona chiphaso chimenechi siyipempha zopitirira. Pa VGA, doko lija la buluu la timapini 15 lomwe IBM inatulutsa mu 1987, uthenga umenewu umadutsa pa pini 12 ndi pini 15. Mitundu ya chithunzi imadutsa pa mapini ena. Ndiye n'zotheka chithunzi kumaoneka bwino ndithu pomwe chiphaso sichikufika, kompyuta nkumangoganizira kuti kutsogoloku kuli monita yanji.

Izi zinandichitikira ineyo, m'nyengo yozizira ija ya June, Mzuzu atafunda chifunga. Ndinatha madzulo awiri athunthu ndili m'juzi, tiyi akuzirala pambali, ndikuchotsa ndi kuyikanso madalaiva, timapulogalamu toyendetsa khadi la zithunzi, pa kompyuta ya mphwanga. Gemu iliyonse "Out of Range". Tsiku lachitatu ndinazula chingwe kuti ndisunthe tebulo, nkungoyang'ana kumutu kwake mwangozi: kapini kamodzi ka mzere wapansi kanali katagona chammbali, kopindika ngati mbedza ya nsomba. Winawake anachikankha mwamphamvu atachitembenuza molakwika. Ndinakawongola pang'onopang'ono ndi nsonga ya bolopeni yotha inki, nkulumikiza, basi Windows inayitchula monitayo dzina lake lenileni. Madzulo awiri, kapini kamodzi! Mpaka lero mphwangayo amandiseka nazo.

Inu mutha kudziwa msanga kuposa ine. Tsegulani Device Manager, pitani pa Monitors. Pakalembedwa dzina la monita kapena "Generic PnP Monitor", chiphaso chikufika. Pakalembedwa "Generic Non-PnP Monitor", sichikufika, ndipo wolakwa ndi chingwe kapena adaputa. Zingwe zina zotchipa, zopyapyala ngati lamba wa nsapato, mawaya ena mulibe n'komwe. Maadaputa enanso amadzitchula okha kwa kompyuta ngati sikirini yotha 1920x1080, monita yeniyeni ili kuseri kwawo isanafunsidwe. Pamenepo gemu siyikulakwa, yanamizidwa. Suzumirani kumbuyo kwa monita yanu: Dell zambiri za msinkhu umenewo zili ndi doko loyera la DVI pambali pa la buluu. Ngati lilipo, funani chingwe cha HDMI kupita ku DVI, adaputayo muyisiye. Awiriwa amalankhula chilankhulo chimodzi, sipafunika womasulira pakati, ndipo chithunzi chimayera kwambiri. Mawu okha ndi amene sadutsa, koma inu muli kale ndi masipika.

Ngati khadi lanu ndi la NVIDIA, mu NVIDIA Control Panel muli tsamba la "Adjust desktop size and position". Pamenepo sankhani kuti ntchito yokulitsa chithunzi izichitidwa ndi GPU, kutanthauza khadi la zithunzilo, osati monita. La AMD lili ndi batani la GPU Scaling. Zimathandiza makamaka pa magemu akale omwe amapempha ma resolution ang'onoang'ono achilendo.

Tsopano chenjezo kwa ena amene mukuwerenga muli ndi vuto looneka ngati lomweli. Sikirini ikada nkulemba kuti "No Signal", kapena kachinyali ka monita kakasanduka ka lalanje ngati yagona, imeneyo ndi nthenda ina. Apo ndiye kuti kompyuta yasiyiratu kutumiza chithunzi. Yesani kudina Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi. Pa Windows 10 ndi 11 zimenezi zimadzutsa dalaiva wa zithunzi, mumva kabelu kakang'ono sikirini nkuphethira. Zikabwerera motero, dalaiva ndiye wodwala: muchotseni ndi DDU, kapulogalamu kochotsera madalaiva a zithunzi, muli mu Safe Mode (Windows itatsegulidwa ndi zofunikira zokhazokha), nkuyika watsopano wochokera kwa opanga khadilo. Koma zikakhala kuti mafani akulira ngati chigayo, kapena kompyuta ikuzima nkuyakanso yokha gemu ikangoyamba, ganizirani za mphamvu ndi kutentha. Gemu ndi imene imakoka magetsi ambiri pa khadi, ndipo power supply, kabokosi kogawa magetsi mkati mwa kompyuta, ikakhala yotopa, makamaka yomwe yapirira kuzimazima kwa magetsi zaka zambiri popanda choyiteteza, imagonja pomwepo. Tsegulani bokosi, pemererani fumbi, onani ngati khadi lili ndi kadoko ka mapini 6 kapena 8 komwe sikanalumikizidwe. Ndaonapo makina ogulidwa kwa munthu, chingwe chimenecho chikungolendewera mkati.

Zanu achimwene sizinafike kumeneko. Monita ikulankhula, gemu ikuyimba. Yambani ndi Settings.exe ya PES, poti ndi imene anyamata akuyidikira pakhomo, kenako muone zomwe Device Manager yalemba pa Monitors. Pakakhala "Non-PnP" paja, mundijambulire mutu wa chingwecho pafupi, timapini tonse tioneke, munditumizire.