Mpheta ziwiri za chifuwa chachikasu: n'kuzisiyanitsa bwanji?

Funso: Akonzi, m'nkhalango ya Dzalanyama ndimaona mpheta za chifuwa chachikasu, zamizere yakuda ndi yoyera kumutu. Zina n'zofiirira kumsana, zina n'zotuwa. Kodi imeneyi ndi yaimuna ndi yaikazi? Wowerenga wa ku Mitundu.

Yankho: Ayi, imeneyi ndi mitundu iwiri yapachibale. Yofiirira kumsana akatswiri amaitcha Emberiza flaviventris. Yotuwayo ndi Emberiza cabanisi, yomwe inapatsidwa dzina mu 1875 polemekeza Jean Cabanis, katswiri wa mbalame wa ku Germany.

Musayambire pachifuwa, chifukwa ndi pomwe ambiri amasokera. Yambirani patsaya. Flaviventris ili ndi mzere woyera pamwamba pa diso ndi wina pansi pa diso, choncho tsaya lake ndi logawika. Cabanisi ilibe mzere wapansiwo: kuchokera padiso mpaka kukhutu ndi pakuda bii. Ife timadalira chizindikiro chimenechi kuposa china chilichonse, popeza chimaoneka ngakhale mbalameyo ili mumthunzi. Mukatero onani msana. Wa flaviventris ndi wa mtundu wa katondo, pomwe wa cabanisi ndi wotuwa, wamizeremizere yakuda. Chifuwa chibwere pomaliza: cha flaviventris chimapsa ngati lalanje, kenako mimba imayera chakumunsi. Cha inzakeyo ndi chachikasu basi.

Kukula kusakunamizeni. Flaviventris imatalika masentimita 15 mpaka 16, ndipo cabanisi imaiposa pang'ono chabe, moti simungazindikire pokhapokha zitatera pamodzi.

Zazikazi ndi ana ndiye zimavuta. Kumutu kwake n'kofiirira m'malo mwa kwakuda, ndipo mizere yoyera ija imachita ngati yathimbirira. Komabe mizereyo imakhala pamalo omwewo. Dikirani mbalameyo itembenuze mutu chammbali. Ikakuyang'anani maso ndi maso tsaya silioneka.

Malo nawonso amathandiza. Cabanisi imakonda miombo yeniyeni, ngati ya ku Dzalanyama ndi ku Kasungu, n'chifukwa chake kuotcha makala kumatidetsa nkhawa: miombo ikatha, mbalameyi imasowa pokhala. Flaviventris siisankha kwambiri, imapezekanso m'tchire louma la mithethe ndi m'mphepete mwa minda, ikutola njere za udzu ndi tizilombo pansi. Imaswa nyengo ya dzinja, mazira 2 kapena 3 m'kachisa ka udzu pakamtengo kakafupi, ndipo amaswedwa pakatha masiku 12 kapena 13. Mukakapeza kachisako, musadule nthambi zomwe zakabisa.