Maikolofoni ya mtengo wofikirika yojambulira mawu ndi nyimbo kunyumba

Mmodzi wa owerenga athu, yemwe amaimba m'kwaya ya ku mpingo kwawo komanso amaimba gitala, wandilembera kalata pa imelo kufunsa maikolofoni imene angagule kuti azijambulira kunyumba nyimbo zake ndi mapulogalamu afupiafupi olankhula. Wanena kuti ali ndi laputopu, amakhala m'nyumba ya malata yoyandikana ndi msewu, ndalama zake ndi zochepa, ndipo anzake amulangiza kuti agule maikolofoni ya mtundu wa condenser chifukwa ndi imene amaiona m'masitudiyo.

Achimwene, anzanuwo sananame, pakuti m'masitudiyo mumapezekadi ma condenser, koma sanakuuzeni kuti chipinda cha situdiyo chimamangidwa mwapadera kuti phokoso la panja lisalowe ndiponso kuti mawu asamabwerere kuchokera m'makoma. Nyumba yanu si yotero, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kuyenera kukutsogolerani pogula, osati kukongola kwa chipangizocho.

Maikolofoni ya condenser ili ndi kachikopa kopyapyala kwambiri kamene kamanjenjemera ngakhale ndi mawu aang'ono, ndipo kuti igwire ntchito imafuna mphamvu ya magetsi, kawirikawiri mavoti 48 otchedwa phantom power, amene amachokera m'kabokosi kolumikizira ku kompyuta kotchedwa audio interface. Ubwino wake ndi wakuti imatola mawu momveka bwino, mpaka kupuma kwa woimba ndi kukhudza kwa chala pa nsambo ya gitala. Ubwino womwewo ndiwo umasanduka vuto kwa inu, chifukwa popeza anthu amaiimbira ataima pataliko, imatolanso njinga yamoto ya kabaza yodutsa pamsewu, tambala wa oyandikana nawo, jenereta ya pagolosale, ndi mawu anu omwe akamabwerera kuchokera pa khoma la simenti. Mtundu wina wa maikolofoni ndi dynamic, yomwe ili ndi kachikopa kolemererako kolumikizidwa ku kawaya kokulungidwa mkati mwa maginito, sifuna magetsi apadera, ndipo inapangidwa kuti munthu aziimba ataiyandikitsa kukamwa.

Kuyandikitsa kumeneku ndiye nkhani yonse. Mukachepetsa ndi theka mtunda wa pakati pa pakamwa panu ndi maikolofoni, mawu anu amakwera ndi ma decibel (dB, muyezo wa kukula kwa mawu) pafupifupi 6 pamene phokoso la pamsewu limakhala momwe linalili, kotero mumatha kutsitsa gain, yomwe ndi mphamvu yokwezera mawu ochokera m'maikolofoni, ndipo phokosolo limatsika nawo limodzi. Munthu woimba pa masentimita 5 amakhala atapambana kale phokoso la m'nyumba mwake kuposa amene waima pa masentimita 30, kaya maikolofoni ya wachiwiriyu ndi yodula motani. Onetsetsaninso kuti pa bokosi palembedwa kuti cardioid, kutanthauza kuti imamva kwambiri kutsogolo ndipo imakana mawu ochokera kumbuyo kwake, choncho kumbuyoko mukulozetse ku zenera la kumsewu.

Pa chifukwa chimenechi, ndikadakhala inu ndikadagula dynamic yokhala ndi malo awiri olumikizira, a USB ndi a XLR, omwe ndi olumikizira ku mikisa kapena ku audio interface. Ziwiri zodziwika bwino ndi Samson Q2U ndi Audio-Technica ATR2100x-USB, zomwe kunja mtengo wake sunkapitirira madola 100, ndipo Q2U ndiyo inkakhala yotsikirapo. Lero muilumikiza ku laputopu ndi chingwe cha USB popanda kugula china chilichonse, ndipo tsiku limene mudzapeze ndalama ya audio interface, kapena mukadzafuna kuimbira pa mikisa ya ku tchalitchi, mudzagwiritsa ntchito chingwe cha XLR pa maikolofoni yomweyo. Zonse ziwiri zili ndi pobayira mahedifoni, zimene zimakuthandizani kudzimva nthawi yomweyo, osati mochedwa monga zimachitikira mawu akayamba azungulira m'kompyuta. Mukazilumikiza ndi USB zimatenga mphamvu ku laputopu, kotero magetsi akazima mumapitiriza ntchito malinga batire ilipo. Ndatchula madola dala, chifukwa chichokereni mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mtengo wa katundu wochokera kunja sukhazikika, ndipo muyenera kuwonjezerapo ndalama yonyamulira ndi msonkho wolowetsera katundu m'dziko.

Ilipo njira ina yoyenera munthu amene watsimikiza kuti nyimbo ndiyo ntchito yake, yomwe ndi kugula audio interface ndi maikolofoni ya XLR payokha. Behringer UMC22 ndi imodzi mwa zotsika mtengo, Focusrite Scarlett Solo ndi yokwererapo koma yoyera mawu, ndipo pa iliyonse mukhoza kulumikiza Behringer XM8500, dynamic yotchipa kwambiri imene imagwira ntchito yoposa mtengo wake, kapena Shure SM58, yomwe yakhala ikugwiritsidwa ntchito pa nsanja zoimbira kuyambira 1966 ndipo ndi yolimba zedi. Njira imeneyi imakulolani kujambula mawu ndi gitala yamagetsi nthawi imodzi, chilichonse pa mzere wake, koma imadya ndalama zambiri pa chiyambi. Condenser monga Audio-Technica AT2020 ndi yabwino ndithu, koma idikire mpaka mutakhala ndi chipinda chachete.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupemphani kuti muzipewe. Choyamba ndi maikolofoni zonyezimira zija zolembedwa BM-800, zimene zimabwera ndi sitandi, siponji ndi zina zambiri m'bokosi limodzi pa mtengo wokopa. Zimapangidwa ndi mafakitale osiyanasiyana, kotero imodzi ikhoza kumveka bwinoko pamene inzake ikungosokosera, ndipo zambiri zimabwera ndi chingwe chobaya pa kabowo ka laputopu komwe nthawi zambiri sikapereka mphamvu yokwanira. Mapeto ake munthu amagulanso zipangizo zina kuti akonze vutolo, mpaka ndalama yonse kukwana mtengo wa Q2U imene anaiona ngati yodula. Chachiwiri ndi SM58 zachinyengo, zomwe zadzaza m'misika ya padziko lonse. Yeniyeni imagulitsidwa pafupifupi madola 100 ndipo imalemera magalamu 298, choncho wina akakupatsani yatsopano m'bokosi pa theka la mtengo umenewo, kapena mukaimva kupepuka m'manja, bwezani. Kuli bwino kugula XM8500 yeniyeni kusiyana ndi Shure yabodza.

Musathere ndalama yonse pa maikolofoni. Mufunika sitandi yolimba, chifukwa dzanja logwira maikolofoni limalowetsa phokoso lake, komanso mahedifoni otseka khutu lonse kuti nyimbo imene mukumvera isatulukire m'mbali n'kulowanso mu zojambulazo. Mufunikanso pop filter yotchinga mphepo ya m'kamwa, makamaka ife olankhula Chichewa amene mawu athu adzaza ndi ph, th ndi kh, monga mu mphepo, nthawi ndi nkhani, omwe amaponya mpweya wambiri pa kachikopa kaja. Ngati palibe yogula, sokosi yopyapyala yokokedwa pa waya wopinda mozungulira imagwira ntchito yomweyo. Pulogalamu yojambulira musailipire, Audacity ndi yaulere ndipo imakwanira.

Chipinda nacho chikonzeni ndi zimene muli nazo kale. Chipinda chogona, mmene muli bedi, makatani ndi zovala, chimamveka bwino kuposa pabalaza popanda kanthu. Pachikani bulangete lochindikala kumbuyo kwanu, pakuti kumeneko ndi kumene maikolofoni ikuyang'ana, ndipo ngati muli ndi matiresi apadera aimikeni ku khoma la pambali. Mathireyi a mazira amene ambiri amamata m'makoma sathandiza kwenikweni, ndipo saletsa phokoso la panja ngakhale pang'ono. Mvula ikamagwa pa malata palibe maikolofoni imene ingakupulumutseni, ingodikirani ikate, ndipo nthawi yabwino yojambula m'makomboni ambiri ndi usiku anthu atagona. Mukamva kulira kwa pansipansi kosalekeza m'mahedifoni, zulani chaja cha laputopu muone ngati kwasiya, chifukwa kawirikawiri kumachokera ku magetsi a m'nyumba.

Pa gitala ndinene mosabisa kuti dynamic siitulutsa mowala ngati condenser, koma imamveka bwino mukailozetsa pamene khosi la gitala lakumana ndi thupi lake, pa mtunda wa masentimita 15 mpaka 20, osati pa bowo lapakati pomwe mawu amakhala okhuthala mopitirira. Jambulani gitala poyamba, kenako muimbe pamwamba pake mukumvera m'mahedifoni, ndipo ikani gain moti pamene mwakweza mawu kwambiri muyezo wa mawu m'pulogalamu yojambulira usapitirire -6 dB, popeza mawu osweka sakonzeka. Kwaya yonse ndi nkhani ina, dynamic imodzi singaikwanitse, ndipo pamenepo kachipangizo kojambulira ka m'manja monga Zoom H1n ndiko koyenera.

Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi laputopu ndi mahedifoni anu, mujambule mawu pang'ono pamaso pa wogulitsayo, kenako mukhale chete masekondi angapo n'kumvetsera ngati pali kusokosera, ndiponso mugwedeze chingwe pamene chalowera kuti muone ngati mawu akudukaduka. Wogulitsa akakana kuti muyese, musapereke ndalama yanu.