Mawu a m'maphunziro: tiyambire pati?

Funso: Ndine mlangizi wa sukulu za pulayimale, ndipo ndili m'komiti yokonza ndondomeko yophunzitsira mawu a m'maphunziro m'sukulu zonse za m'boma lathu. Anzanga akuti tiyambe ndi mndandanda wa mawu ovuta a sayansi ndi masamu. Kodi akulondola? Nanga aphunzitsi ena akamati "kuwonkhetsa" ena "kuphatikiza", tisankhe ati?

Yankho: Zikomo mayi mlangizi. Anzanuwo sindikugwirizana nawo kwenikweni. Mawu aluso, monga mneni, mlowam'malo kapena mperekezi pa phunziro la Chichewa, ali ndi eni ake. Mphunzitsi amadziwa kuti ndi achilendo, amaima n'kuwafotokoza, ana n'kukopera m'kope. Amene amagwetsa ana ndi mawu ooneka ngati apakhomo, amene aliyense amangoti anawa akuwadziwa kale.

Tatengani mawu akuti yerekezani. Pa masamu mphunzitsi akuti, "Yerekezani kutalika kwa tebuloli," ndipo akufuna nambala yongoganizira musanayeze. Belu likalira pabwera wina: "Yerekezani mbuzi ndi nkhosa," uyu akufuna kufanana kwake. Wa chimangirizo naye: "Yerekezani kuti ndinu mbalame." Pamene mwanayo kunyumba mawuwa amawamva kwa mayi ake atakweza chala m'mwamba: "Usayerekeze!" Ndiye mwana wa Sitandade 4 wakhala pansi, pensulo m'kamwa, akusinkhasinkha kuti lero akufuna yerekezani uti. Sikuti phunzirolo sakulidziwa ayi. Funso ndilo lamusocheretsa.

Choncho mndandanda wanu uyambe ndi mawu olamula a m'mafunso: tchulani, fotokozani, longosolani, siyanitsani, fananitsani, tanthauzirani, perekani zifukwa. Mugwirizane tanthauzo la liwu lililonse, ndipo likhale lomwelo m'maphunziro onse ndi m'sukulu zonse. Ine ndikanati pofuna kufanana kwa zinthu muzinena fananitsani, yerekezani mumusiyire masamu ndi chimangirizo. Tchulani akufuna dzina basi. Fotokozani akufuna chiganizo chathunthu, pomwe longosolani akufuna zinthu mwatsatanetsatane, choyamba n'chiyani, chotsatira n'chiyani. Awiri omalizawa aphunzitsi omwe amawasakaniza, mukayese kuwafunsa pa msonkhano mudzaseka nokha.

Kenako pabwere timawu tomanga ganizo: chifukwa, choncho, komabe, ngakhale, kotero kuti, malinga ndi. Mwana wosasiyanitsa chifukwa ndi choncho amatembenuza nkhani yonse. "Mbewu zafota chifukwa mvula yasowa" n'zoona, koma akalemba kuti "Mbewu zafota choncho mvula yasowa" wanena kuti mbewu ndizo zathamangitsa mvula.

Maganizowa si achilendo. Pa Chingerezi, katswiri wa zilankhulo Averil Coxhead wa ku New Zealand adasonkhanitsa mu 2000 magulu 570 a mawu opezeka kawirikawiri m'mabuku a maphunziro osiyanasiyana, osati a phunziro limodzi. Koma musatenge mndandanda wakewo n'kungoumasulira. Wanu uchokere m'mabuku amene ana ali nawo m'manja ndiponso m'mapepala a mayeso akale. Aphunzitsi agawane mabukuwo, aliyense adule mzere kunsi kwa mawu amene akubwerabwera.

Za kuwonkhetsa ndi kuphatikiza, onse ndi Chichewa chabwino ndipo palibe wolakwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kuphatikiza n'kotambalala: timaphatikiza ziweto m'khola limodzi, timaphatikiza malembo kupanga phatikizo. Kuwonkhetsa n'kwa chiwerengero chokha, n'chifukwa chake ine ndimakukonda pa masamu, pambali pa kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa. Komabe lamulo langa ndi ili: tsatirani mawu amene ali m'buku la ophunzira, enawo muwatchule ngati anzake kuti mwana wosamuka sukulu asadabwe. Mukakayika tanthauzo kapena kalembedwe, tsegulani Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wokonzedwa ku University of Malawi ndi a Centre for Language Studies, bungwe la zilankhulo limene lidalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996.

Chonde musapeke mawu atsopano m'komiti. Ngati ana ndi makolo awo akunena kale kompyuta, kapena batire, alekeni atero. Mawu obwereka akalembedwa m'kalembedwe kathu asanduka athu.

Pa kagawidwe, ndimakonda mawu asanu pa sabata, omwewo m'sukulu zonse, ndipo abwerenso m'makalasi apamwamba ndi ziganizo zokulirapo. Mwana awamve kwa wa masamu, awamvenso kwa wa sayansi, awanene yekha, awalembe. Mukamayendera sukulu musamawerenge mawu opachikidwa pakhoma. Itanani mwana mmodzi, mumupatse mwala ndi tsamba, mumuuze kuti asiyanitse. Kenako mumuuze kuti afananitse, mumve ngati yankho lisinthe.