Yankho kwa amalume pa za ulendo wa ku Anstruther

Amalume, ndamva funso lanu lija, loti mukabwera kuno ku Scotland kudzaonerera mwambo wanga womaliza maphunziro, kodi pali tauni ya asodzi yomwe tingathe kukaiona n'kubwerako tsiku lomwelo kuchokera ku Edinburgh. Tauni yotere ilipo, ndipo ine ndasankha Anstruther, yomwe ili m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Fife, chakumwera kwa St Andrews. Eni ake amangoitchula kuti Ainster.

Chomwe ndikufunitsitsa kuti mukaone ndi nyumba yosungiramo mbiri ya usodzi, Scottish Fisheries Museum, yomwe idatsegulidwa mu 1969 moyang'anizana ndi doko. Inu amene mudakulira pa gombe ku Nkhotakota, mukukoka makoka ndi agogo, mukalowa mmenemo simudzafuna womasulira. Tauni imeneyi idakula chifukwa cha nsomba imodzi yotchedwa herring, imene imayenda m'magulu aakulu ngati usipa, kungoti iyo ndi yokulirapo. Amuna ankapita kukaipha pa nyanja usiku, koma ntchito imene idandigwira mtima kwambiri ndi ya amayi ndi atsikana amene ankadikira kumtunda. Iwo ankagwira atatuatatu: awiri akutumbula nsomba, mmodzi akuziyala mumgolo mosanjikiza ndi mchere. Zala zawo ankazikulunga ndi tinsanza kuti mpeni ndi mchere zisawadye, ndipo ankaimirira panja tsiku lonse, mphepo yozizira ikuwomba kuchokera ku nyanja. Nditaima pa chithunzi cha manja okulungidwa aja, ndidakumbukira manja a azakhali akuyanika usipa pa thandala, ndipo ndidakhala pamenepo nthawi yaitali osasuntha. Amayi amenewa ankatsatira mabwato doko ndi doko, kuyambira kumpoto kwa Scotland mpaka ku Great Yarmouth ku England, pomwe migolo yodzaza inkatumizidwa ku Germany ndi ku Russia.

Malonda amenewa adafika pachimake cha m'ma 1907, kenaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse idasokoneza misika ija, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 nsombayo inali itasowa m'madzi a kufupi ndi tauniyi. Lero doko la Anstruther ladzaza ndi timabwato ta anthu ongosangalala. Asodzi amene akugwirabe ntchito mukawapeza ku Pittenweem, mudzi woyandikana nawo womwe tingathe kufikako wapansi, ndipo ambiri amagwira nkhanu ndi zina zokhala ndi zigoba. Inu mumadandaula nthawi zonse za kuchepa kwa chambo, choncho ndikudziwa kuti nkhani imeneyi ikakufikani pamtima. Bwato lakale la matanga lotchedwa Reaper, lomwe lidakhomedwa mu 1902, limasamalidwa ndi nyumba yosungiramo mbiri ya usodzi ija, ndipo likakhala pa doko mudzaliona ndi maso anu.

Pali chinanso chimene chikukukhudzani monga mkulu wa mpingo. M'tauni yomweyi ndi momwe mudabadwira Thomas Chalmers mu 1780, mbusa amene adatsogolera kukhazikitsidwa kwa Free Church of Scotland mu 1843, ndipo mpingo umenewu ndi womwe udatumiza amishoni a Livingstonia amene adafika ku Cape Maclear mu 1875. Nsanja younikira mabwato yomwe ili kumapeto kwa doko imadziwika ndi dzina lake.

Za kayendedwe musade nkhawa, chifukwa pali basi yochokera ku Edinburgh, ndipo tikanyamuka m'mamawa tidzafika dzuwa lisanafike pamutu. Popeza mukubwera mu Julayi, ngati nyanja ili bata tingathenso kukwera bwato kupita pa chilumba cha Isle of May kukaona mbalame za milomo yamawangamawanga zotchedwa puffin, koma ulendo umenewo umatenga maola angapo ndipo umadalira nyengo, kotero sindikulonjeza. Chomwe ndikukupemphani ndi chakuti munyamule jekete lochindikala ndi nsapato zosaterera, pakuti ngakhale m'chilimwe mphepo ya pa doko paja imalowa mpaka m'mafupa. Nsomba yokazinga ndi tchipisi tidzadyera pomwepo pa khoma la doko, ndipo mudzandiuze nokha ngati ikufikako pa chambo cha kwathu.